Mayi wa Khanda Pamaso pa Alangizi Atatu

Nkhani iyi anandiuza ndi mayi wina wa zisudzo, pa benchi ya chipatala cha mano. Iye tsaya linali litatupa ngati wabisamo dzira, ine ndinali ndi dzino logwedera limene ndinayenda nalo matauni angapo ndikulinyengerera. Mzere sunkasuntha. Ine ndikakhala pafupi ndi munthu sindichedwa kumufunsa ntchito yake, ndi matenda anga akale amenewo, ndipo atandiuza kuti amachita zisudzo ndinati, "Ndiye kuti inu misozi mumangotsegula ngati mpopi."

Anandiyang'ana ndi diso la mbali yosatupayo. "Agogo, musandipute. Ine ndinaonapo anthu ophunzira bwino, holo yonse, akuombera m'manja munthu amene akulira zenizeni."

Ndinasendera pafupi. Zimene ndikulemba apa ndi zimene anandiuza, ndangoziwongola poti iye ankalankhulira mbali imodzi ya kamwa.

Mu tauni imene ankakhala nthawi imeneyo munali sukulu yophunzitsa alangizi a za maganizo, aja umakawafotokozera mtima ukakulemera. Nyumba yake inali imodzi. Mbali ina ankalandirirako anthu wamba obwera ndi mavuto awo, mbali ina kunali makalasi ndi holo. Aphunzitsi akuluakulu analipo atatu. Tiyi ankamwera m'chipinda chimodzi koma aliyense pakona pake, chifukwa sankagwirizana za mmene munthu wovutika mumtima amachirira.

Woyamba ophunzira ankamutchula kuti a Mkumbi. Anali bambo wamfupi, wolankhula motsitsa, wokhulupirira kuti vuto la lero mizu yake ili ku ubwana, ndipo kulisadza pamwamba n'kutaya nthawi chifukwa liphukanso. Ukawauza kuti nsapato ikukuthina, iwo amafuna adziwe kaye kuti bambo ako ankavala zotani. Wachiwiri anali mayi Kalilole. Iwo ankati yankho munthu amakhala nalo kale m'kati, ntchito ya mlangizi ndi kumvetsera ndi mtima wonse, osaweruza, n'kumamubwezera munthuyo mawu ake omwe mpaka adzimve yekha. Wachitatu anali a Umboni, wamng'ono pa onse, woyenda ndi choko m'thumba. Iwo ankati chimene chimapweteka munthu si zimene zachitika koma zimene akudziuza za zimenezo, choncho ganizo lililonse liziimitsidwa ngati pakhoti n'kulifunsa kuti umboni wake uli kuti.

Sindikunena kuti anali opusa. Mayi wa zisudzo uja anati aliyense wa iwo anali ndi anthu amene anawathandiza ndithu, oti ukawanenera zoipa alangizi awo akhoza kukumenya. Koma sukuluyo inali ndi chizolowezi chake. Kumapeto kwa chigawo cha maphunziro ankakonza tsiku loyerekeza njira zitatuzi. Ankaitana munthu wa zisudzo kuti abwere ndi vuto lopeka, loti atatu aja asalidziwiretu, kuti pasakhale wobera. Aliyense ankapatsidwa nthawi yofanana yocheza naye pamaso pa ophunzira, kabelu kakalira wina n'kulowapo, kenako holo yonse n'kukangana kuti njira yagwira ndi iti. Wokonza zonsezi anali mkulu wa maphunziro, ndipo chaka chimenecho anangoimbira foni mtsogoleri wa gulu la zisudzo kuti atumize mzimayi mmodzi. Nkhope ya mzimayiyo sanaione.

Wotumidwayo anali mnzanga wa pa benchi uja. Anakonzekera bwinobwino nkhani ya mkazi amene mwamuna wake sachoka ku juga, mpaka anabwereka diresi yakutha kwa oyandikana nawo. Koma basi inamufera panjira, ndipo anafika atachedwa kwambiri, thukuta kamukamu.

Pakhonde la holo anapeza mzimayi wojintcha atakhala pa benchi, khanda lili pamiyendo, chikwama cha paulendo chili pansi, mabotolo a mkaka akusuzumira pa zipi.

"Achemwali," anatero mzimayiyo, "kodi m'katimu amachedwa chonchi? Alamu anga anati angolowa pang'ono. Ine basi indisiya, ndipo ndi yomaliza yopita kwathu."

"Sindikudziwa, mayi," anayankha wa zisudzo, n'kukankha chitseko mwakachetechete.

Holo inali yodzaza. Kutsogolo kunali mipando iwiri yoyang'anizana ndi katebulo kokhala ndi timapepala topukutira misozi. Pampando umodzi panali a Mkumbi. Pa winawo, pamene panayenera kukhala iye, panali mzimayi wina wowonda, wovala bulauzi yotuwa, manja atawapana pakati pa mawondo.

"Agogo, mtima unandiwawa," anandiuza. "Ndinati basi andilowetsera wina. Ndinakhala kumbuyo n'cholinga chimodzi, kuti ndione mmene akulakwitsira."

Zimene zinachitika iye asanafike anazimva pambuyo pake. Mzimayi wowondayo anali make wa khanda la pakhonde lija. Anamwino a kusikelo ndi amene anamulozera kuti pasukulupo pali alangizi. Atafika pa tebulo lolandirira alendo anangoti, "Ndabwera kudzaonana ndi alangizi." Wolandira alendo, amene anali atauzidwa kuti mzimayi wina akuchedwa ndipo akangofika amuthamangitsire ku holo, anadzambatuka. "Ndinu amene? Abale, mwatichedwetsa! Onse akudikira inu." Mkulu wa maphunziro anamuchingamira pakhomo n'kumunong'oneza kuti, "Awa musawaope, ndi ophunzira. Ingokhalani ngati mulibe munthu." Mayiyo anali atachirira m'chipatala mmene ophunzira unamwino ankazungulira bedi ngati pamsika, ndiye anaganiza kuti kunonso ndi mmene zimakhalira. Anameza manyazi n'kukhala pansi.

Ndipo anayamba kunena zimene anali asanauzepo munthu.

Anati kuyambira pamene mwana anabadwa, m'mutu mwake mumabwera zithunzi. Akamatsika naye masitepe a nyumba imene amachita lendi, amaona manja ake akutseguka. Akamamusambitsa, amaona kankhope kali pansi pa madzi. Mipeni yonse anaikulunga m'nsalu n'kukaisiya kwa oyandikana nawo, ati ikufunika kunola. Sazifuna zithunzizo, zikabwera amachita kusanza. Mwamuna wake amagwira ntchito kutali, ndipo anangomuuza kuti akudwala bere. Bodza lomwelo ndi limene anaitanira mlamu wake, mchemwali wa mwamunayo, kuti adzatenge mwana akamulere kwawo.

"Ali panjapo ndi chikwama," anatero, mawu akuchita kuvuta kumveka. "Ine ndangobwera ndi funso limodzi, bambo. Kodi ndine woopsa kwa mwana wanga? Mukati inde, apite naye lero lomwe. Mukati ayi, sapita."

A Mkumbi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Funso limenelo tilisunge kaye. Tandiuzani za kwanu. Munakula bwanji?"

Mayiyo anadabwa, koma poti anali kwa eni ntchito anayankha. Anali woyamba kubadwa. Mayi ake ankachoka m'mamawa kukagulitsa malonda, ndipo azing'ono ake onse anakulira kumsana kwake, iye anzake akusewera.

Maso a a Mkumbi anawala. Anapendekera pang'ono kumene kunali ophunzira, ngati munthu woti taonani izi. "Ndiye kuti munakhala mayi musanamalize kukhala mwana. Simunkakwiya nawo ana amene ankakulemerani kumsanawo?"

"Mwina nthawi zina. Ndinali mwana."

"Mkwiyo umene sunapatsidwe khomo sufa, mayi. Umakhala phee, n'kudzatulukira pena."

Mayiyo anadzutsa mutu. "Ndiye mukuti mwana wangayu ndimadana naye?"

"Ine sindinatero. Mawu amenewo atuluka mwa inu. Tiyeni tiwayang'ane bwino."

Ngelengele, kabelu. A Mkumbi anaimirira, n'kukonza jekete, n'kukakhala pambali. Mayiyo anatsala kukamwa kuli yasa, mawu oti kudana ali lende m'mwamba, opanda wowatsitsa.

Wa zisudzo anati apa n'kuti akunenabe mumtima kuti mnzakeyo sadziwa ntchito. Amalankhula motsitsa kwambiri, amafulatira anthu, salira pamene pafunika kulira.

Mayi Kalilole anakoka mpando n'kuuyandikiza. Anali ndi nkhope yoti ukaiona umafuna kuiuza zonse, ndipo anamuyang'ana mwachifundo. Mayi wa khanda uja misozi inangoti mbwee.

"Ndikumva kuti mwasenza chinthu cholemera nokhanokha," anatero mayi Kalilole.

"Eya."

"Ndipo mukuopa."

"Ndikuopa, ndanena kale. Amayi, inu ndinu mzimayi mnzanga. Ndimupereke kapena ndisamupereke?"

"Mukulakalaka wina atakuuzani chochita."

"Eya! N'chimene ndabwerera!"

"Nanga mtima wanu ukuti chiyani?"

"Mtima wangawo ndi umene ndikuuopa!"

M'holo munamveka kung'ung'udza kosangalala. Zolembera zinathamanga. Wina kutsogolo kwa wa zisudzo ananong'oneza mnzake kuti, "Eee, koma mayiwa ndi katswiri."

Nthawi yomweyo khanda linalira pakhonde, kulira kwa njala kuja kokoka mpweya. Mayiyo anauma thupi lonse. Pa bulauzi yotuwa ija panaoneka madontho awiri akuda, akukula, ndipo iye anapinda manja pachifuwa kuti abise.

"Agogo," anatero wa zisudzo, atandigwira bondo, "ine ndagwira ntchito imeneyi zaka zambiri. Misozi ndimatha kuitana. Mkaka sauitana."

Anadzuka n'kuyenda chowerama m'mbali mwa khoma mpaka pamene panakhala mkulu wa maphunziro, kabelu kali m'manja, maso ali pa wotchi.

"Bwana," ananong'oneza, "wa zisudzo uja ndine."

"Mwachedwa, anzanu atumiza kale wina. Khalani pansi."

"Sanatumize wina aliyense. Gulu lathu ndimalidziwa lonse. Uyo ndi munthu weniweni, mwana wake ndi amene akulira panjayo."

Mkuluyo anamuyang'ana, n'kuyang'ana kutsogolo, n'kuyang'ananso wotchi. Nkhope inasintha, ndiye kuti anamva. Koma mukudziwa chimene ananena?

"Mukutsimikiza? Mwina mtsogoleri wanu anapeza wa gulu lina. Kwatsala mmodzi yekha. Tikaimitsa pano a Umboni adandaula kuti sanapatsidwe mpata, ndipo kuyerekezako kuwonongeka. Amalize kaye, tifufuza pa tiyi."

"Pa tiyi?"

"Shhh," anatero ophunzira a mzere wapafupi. "Mafunso ndi pamapeto, mayi."

Kabelu kanalira. Mayi Kalilole anafinya dzanja la mayi uja n'kuchoka, a Umboni n'kubwera akukoka bolodi ya mateyala.

"Chabwino, mayi. Ganizo limene limakuvutani kwambiri, mwachidule, ndi liti?"

"Kuti ndidzamupweteka."

A Umboni anatembenuka n'kulemba ndi zilembo zazikulu, zoti wakumbuyo awerenge: NDIDZAPWETEKA MWANA WANGA. Mayiyo ataziona anaphimba nkhope. Chinthu chimene ankachibisa ngakhale kwa mwamuna wake chinali pa bolodi, choyera mbee.

"Tiyeni tilizenge mlandu ganizoli. Umboni uli kuti? Munamugwetsapo?"

"Ayi."

"Munamumenyapo? Kumutsina?"

"Ayi! Ine?"

"Zithunzizo zikabwera, manja anu amatani?"

Anaganiza kaye. "Amamugwiritsa. Mpaka nthawi zina amalira poti ndamufinya."

"Ndiye mutu ukuti taya, manja akuti gwira. Amene wakhala akupambana mpaka lero ndi ndani?"

Mayiyo anachotsa manja kumaso. Wa zisudzo anati apa ndiye anaona kuti mwina bamboyu afika nayo, chifukwa kwa nthawi yoyamba munthu uja anapuma mpweya wokwanira. Panangotsala kuti amuuze mawu amodzi. Koma a Umboni anali atamva kukoma. Anatembenukira kwa ophunzira, n'kujambula mizere pa bolodi, apa polemba chochitika, apa ganizo, apa mmene thupi lamvera, apa ganizo lolowa m'malo. Anafotokoza mzere uliwonse bwinobwino, msana ataulozetsa kwa mwini vuto.

"Ndiye mayi, sabata ino, chithunzi chikabwera muzilemba motere. Tidzaona limodzi tikadzakumananso."

"Sabata? Bambo, basi ndi ya lero."

"Tidzayambira pomwepo sabata yamawa," anatero a Umboni akumwetulira, poti m'maganizo mwawo sabata yamawayo inali ya m'sewero.

Ngelengele.

Holo yonse inaomba m'manja. Ena anaimirira, wina anaimba likhweru. Mayiyo anayang'ana uku ndi uku ngati munthu amene wadzuka m'nyumba yachilendo. Mkulu wa maphunziro, m'malo mothamangira kutsogolo, anapita pakona n'kuyamba kuimbira foni mtsogoleri wa zisudzo kuti atsimikize. Wa zisudzo anakweza dzanja, anakuwa kuti tamverani, koma mkangano unali utayamba kale ndipo mawu ake anamira.

Anakangana mayiyo ali pompo, ngati mbuzi imene akuitsatsa. Wina anati a Mkumbi ndi amene afika pa muzu, enawo amangothyola masamba. Wina anati muzu wanji, munthu amusiya ndi bala lotsegula. Mtsikana wina anati kwa mayi Kalilole n'kumene analira, ndipo kulira ndiko kuyamba kuchira. Mnzake anamuyankha kuti kulira amalira kale kunyumba, sanakwerere basi kudzalira. A mbali ya a Umboni anati iwo okha ndi amene apereka chogwirika. A mbali ya a Mkumbi anati chogwirika chake ndi homuweki ngati ya mwana wa sukulu.

Kenako anaimirira bambo wina wa mawu aakulu, wophunzira wachikulire amene kale anali mphunzitsi wa pulayimale.

"Ine ndiyamikire kaye mlendo wathu, wandiliza ndine bambo. Koma chaka chamawa tiziwapempha nkhani yovutirapo. Iyi ndi yapafupi, angoitenga m'buku lathu lija. Zithunzi zimenezi zimabwerera amayi ambiri a makanda, tonse tinawerenga."

"Ngakhale abambo," anavomereza a Umboni.

"N'zodziwika," anatero a Mkumbi, akupukuta magalasi. "Ndipo amene amachita nazo mantha chonchi, mpaka kubisa mipeni, kawirikawiri si amene amapweteka ana. Matenda oopsa amene amachititsa mayi kupweteka mwana amaoneka mosiyana."

Mayi Kalilole anaseka pang'ono. "Ine ndemwe, ndi mwana wanga woyamba, sindinkayandikira zenera."

"Mwati ambiri?"

Anali mayi wa khanda uja. Anali ataimirira, manja akadali pachifuwa.

"Mwati zimabwerera amayi ambiri?"

Wina anaseka. "Akadali m'sewero!"

Apa wa zisudzo anakwera pa mpando, diresi yobwereka ija n'kung'ambika m'mbali. "Wa sewero ndine! Ine! Amene munamuitana ndine, ndipo ndachedwa! Uyo si wa zisudzo, mwana wake ali pakhondepo ndi chikwama! Bwana wanuyo ndamuuza kalekale!"

Maso onse anatembenukira pakona paja. Mkulu wa maphunziro anatsitsa foni pang'onopang'ono.

Mayiyo zinamutengera kanthawi kuti amvetse. Anayang'ana bolodi, anayang'ana kabelu, anayang'ana manja a anthu amene anali atangomaliza kuomba. Wa zisudzo anati ankayembekeza kuti agwa kapena athawa. Koma munthu wowonda uja mawu anachita kutuluka ngati a munthu wina.

"Ndiye mumayesa ndikusewera? Chabwino, zimenezo ndi zanu ndi Mulungu wanu. Koma ndifunse. Nonse atatu mumadziwa? Pamene ndimakufunsani muja, mumadziwa kale kuti si ine ndekha?"

A Mkumbi anayamba ndi iwo. "Mayi, pepani kwambiri. Mwa njira yathu, ukafulumira kumutonthoza munthu umatseka chitseko cha zimene zili pansi."

"Pansi pa chiyani? Ine ndakhala ndikusambitsa mwana ndi kansalu konyowa poopa beseni, inu mukusunga chitseko? Munandisiya ndikuganiza kuti ndimadana ndi mwana wanga, inu n'kukakhala apo kupukuta magalasi!" Anatembenuka. "Nanga inu amayi? Inu zinakuchitikirani. Ndinakuuzani kuti ndinu mzimayi mnzanga. Munandigwira dzanja, chinthu chili m'kamwa, osalavula?"

Mayi Kalilole misozi inali italengeza. "Timaphunzitsa kuti nthawi imeneyo ndi yanu, si yoti mlangizi azikamba zake. Ndinkafuna yankho lichokere mwa inu."

"Mwa ine mukanachokera bwanji chinthu chimene chili m'buku lanu? Ine bukulo ndinaliona?"

A Umboni sanadikire kufunsidwa. "Ine ndikanakuuzani, mayi. Zimenezo timafotokoza ndithu, kungoti ndinayamba ndi mizere ija kuti ophunzira aone, ndiye nthawi..."

"Nthawi inakwana yojambula mizere. Fufutani icho."

A Umboni anafufuta ndi mkono wa malaya, poti chofufutira sanachione.

Mkulu wa maphunziro anabwera akupukusa manja, ati pachitika kusamvetsetsana, ati sukulu ipepesa mwa dongosolo, ati mayi asankhe okha mlangizi amene njira yake yawakomera. Ndipo taonani anthu, pomwepo atatu aja anayamba kuponyerana maso, aliyense akuyembekeza kuti atchulidwa iye.

"Njira?" anatero mayiyo. "Ndikusankha nsalu ine? Tulutsani anthuwa. Onse! Inu atatu mutsale, mutseke chitseko, mundifunse zimene mumafunsa munthu weniweni, ndipo mundiyankhe funso langa basi isananyamuke. Kabeluko katulukenso."

Ophunzira anatuluka mwakachetechete, mitu ili pansi, aliyense akudutsa pa benchi paja osafuna kuyang'ana khanda. Wa zisudzo naye anatuluka. Mlamu uja anali ataimirira, akugwedeza mwana paphewa.

"Kodi muli maliro m'menemu? Poyamba m'manja, kenako kukuwa. Alamu anga ali kuti?"

"Akubwera, mayi."

"Akubwera, akubwera. Matenda a bere amaombera m'manja?"

Mkulu wa maphunziro anamukokera pambali wa zisudzo n'kumupempha kuti zimene waona zisatuluke pa geti, poti zingaononge mbiri ya sukulu ndiponso ya gulu lawo lomwe. Iye anamuyankha mawu amene sindingalembe pano.

Za m'katimo sanazimve. Anangoona pa galasi la chitseko kuti mipando aikoka kukhala pamodzi, bolodi aikankhira kukhoma, ndipo a Umboni akufunsa, mayi akuyankha, a Mkumbi akufunsa, mayi akupukusa mutu. Kenako mayi Kalilole analankhula nthawi yaitali, akuloza pachifuwa pawo.

Chitseko chitatseguka mayiyo anatuluka yekha, maso ali psuu. Anaima patsogolo pa mlamu wake.

"Alamu, mwana sapita."

"Mwati bwanji? Ine ndasiya ana anga, ndasiya geni yanga, ndagula mabotolo, ndakhala pa benchi iyi mpaka matako kuuma, lero mukuti sapita? Nanga bere lija?"

"Bere lilibe kanthu. Ndinakunamizani."

"Munandinamiza! Achimwene akamva..."

"Amva kwa ine. Inunso simupita, alamu. Alangiziwa anena kuti ndisakhale ndekha masiku ano, ndipo ndizibwera kuno, kuchipinda chotseka. Mugona kwathu. Ndili ndi zoti ndikuuzeni, ndipo mukazimva mwina mudzandiopa, koma mumve kaye mpaka kumapeto."

Mlamuyo anasiya kugwedeza mwana. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akumuona koyamba.

"Ndiye ndigona pati, nyumba yake ija?"

"Pa bedi. Ine pansi."

"Iyayi, wodwala ndinu, kaya mukudwala chiyani. Tengani mwana wanuyu, wandinyowetsa."

Mayiyo sanamulandire ali chiimire. Anakhala kaye pansi penipeni, pa simenti ya khonde, msana kukhoma, n'kutambasula manja. Mlamu anachita kugwada kuti amuikire bwino. Khanda linafufuza, linapeza, linangoti chete. Ophunzira ena anali ataima chapatali akuonerera, ndipo mayi Kalilole anali pakhomo la holo, dzanja lili pakamwa.

Mayiyo sanadzutse mutu. "Auzeni asiye kundiyang'ana," anauza wa zisudzo. "Zatha."

Wa zisudzo anati iye ndi amene anawabalalitsa, ndipo pochoka anawasiya awiriwo ali pansi pomwepo, mlamu akutulutsa matewera m'chikwama akung'ung'udza za tikiti yake.

Ndinamufunsa ngati anadzawaonanso. Anati ayi, patapita nthawi pang'ono gulu lawo linasamukira kwina.

Zoti anthu ophunzira angalakwitse chonchi ine sindikutsutsa. Ndalowa m'maofesi ambiri pa moyo wanga, ndipo ndaona mmene munthu amasowera pamaso pa anthu amene akuyang'ana ntchito yawo. Zoti mkulu uja anati tifufuza pa tiyi, ndikukhulupirira ndi mtima wonse. Chimene ndikukayika ndi mathero ake. Mantha a mtundu umenewo ndinawaonapo pa anthu, sachoka masana amodzi, ndipo alamu amene ndimawadziwa ine sagonja msanga choncho akamva kuti ananamizidwa. Mayi wa zisudzo uja anaona mpaka pakhonde basi. Zoti mwana uja sanakwere basi ya tsiku lina, ine ndikukayika.